Pempho Limene Linabwezedwa

Malayini a ku Ofesi, Mulanje
9 Juni 2024

Wokondedwa mwana wanga Millie,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre. Ine ndilipo. Kuno chiperoni chayamba, nkhungu ndi mvula yowaza, phiri sitinalione masiku anayi.

Unandipempha kuti ndikuuze za tsiku lomaliza limene ndinakhala ndi amayi ako. Pa foni ndinalephera, ukudziwa kuti pa foni mawu amandithawa. Ndiye ndati ndilembe.

Linali Lamulungu, pa 18 Febuluwale. Palibe chachilendo chimene chinachitika. Tinachedwa ku tchalitchi chifukwa amayi ako anabwerera panjira kukaona ngati anatseka zenera la kuchipinda. Anali atatseka. Potuluka tinadzera ku Chitakale. Anagogoda zinanazi zisanu ndi chala asanasankhe chimodzi, mpaka wogulitsa anati, "Mayi, mukufuna chinanazi kapena mukufuna chokuyankhani?" Iwo anati, "Chondiyankha ndikusowadi, mwana wanga. Kunyumba ndili ndi munthu wosayankhula, si uyu waima apayu." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.

Masana anandimeta pakhonde. Anati imvi zanga zikumera mbali imodzi, ngati tiyi wa m'mphepete mwa msewu amene amayera ndi fumbi. Atatha anakonza nyemba za kalongonda zimene anaphika dzulo lake, tinadya, kenako anasoka batani la malaya anga a kuntchito akuimba pang'onopang'ono. Dzuwa litapendeka anati mutu ukuwawa kumbuyo kuno. Ndinati amwe panado. Anamwa. Anati, "Abambo a Millie, mawa tikuthyola ku munda wa kumtunda, ndi kutali. Mukaona ndachedwa masana musandidikire, idyani."

Lolemba ananyamuka hafu faifi ndi dengu lawo. Ine ndinali ndikupukuta nsapato. Sindikumbuka ngati ndinadzutsa mutu.

Basi, tsikulo linali lotero. Ukanafuna kuti likhale ndi mawu akuluakulu, koma linalibe.

Tsopano ndikufunse. A Pilato, amene ndimakhala nawo mu ofesi ya zamagalimoto, akuti abwana alemba kampani ya ku Blantyre kuti ione m'kompyuta mmene ntchito imayendera pa esiteti pano. Dzina limene anatchula ndi la kumene umagwira iwe. Kodi ndi zoona? Nanga m'kompyutamo adzaonamo chiyani? Undiyankhe pa minibasi yomweyi, kondakitala wake amandidziwa.

Ndine bambo ako,
Wyson Muhiwa


Blantyre
18 Juni 2024

Adadi,

Moni wambiri. Ndili bwino, chifuwa chokha chifukwa cha kuziziraku. Kalata yanu ndinaiwerengera mu ofesi, ndinachita kutuluka panja. Zikomo. Za chinanazi zija ndi amayi enieni.

Inde, ndi ife! Ndipo ntchitoyo andipatsa ine, chifukwa abwana anga akuti ndinakulira konko, ndidziwa kusiyana kwa kapitawo ndi kalaliki. Ndimafuna ndikuuzeni ndekha koma a Pilato andiphangira.

Ndikufotokozereni. Pa esitetipo chilichonse chimene munthu wapempha, kaya ndi feteleza, kaya ndi nsapato za jombo, kaya ndi galimoto, chimalowa m'kompyuta n'kumayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Munthu akadina batani, kompyuta imasunga kuti wadina ndani, nthawi yanji, mpaka masekondi. Inu simuziona koma zilimo zonse. Pulogalamu yathu imatenga zimenezo n'kujambula mabokosi ndi mivi, kusonyeza kumene pempho lililonse linadzera. Zili ngati m'munda wa tiyi: pali msewu umene uli pa mapu a abwana, ndiye pali tinjira timene othyola anaponda okha. Ntchito yanga ndi kuika njira zimenezi pambali pa inzake n'kuona kuti yachangu ndi iti, yochedwa ndi iti, ndipo imachedwera pati.

Ndayamba ndi ku sitolo. M'buku la malamulo muli njira imodzi ya masitepe asanu. M'kompyuta ndapeza njira 31! Pempho lina la jombo linazungulira kasanu ndi kanayi pakati pa kapitawo ndi wa ku sitolo, ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mwini jomboyo ayenera kuti anathyola tiyi dzinja lonse ali chosavala kuphazi.

Mayina a anthu anachotsamo, m'malo mwake muli manambala, ndiye sindikudziwani kuti ndinu uti. Sabata yamawa ndiyamba mapempho a galimoto, ofesi yanu. Ndikupezani basi, amene amadina mochedwa ngati mmene amayankhira foni!

Amalume a Winston anandiimbira za katundu wa amayi. Akuti simukuwayankha. Chavuta n'chiyani?

Mwana wanu,
Millie


Malayini a ku Ofesi, Mulanje
27 Juni 2024

Millie mwana wanga,

Moni. Chifuwacho umwere ndimu. Ine ndilipo.

Ndawerenga kalata yako katatu. Sindinkadziwa kuti imasunga mpaka masekondi.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Za galimotozo upatse mnzako. Uwauze abwana ako kuti muli bambo ako m'menemo, si bwino mwana kuyeza ntchito ya kholo lake. Iwe pitiriza za ku sitolo, kapena za ku fakitale, kumenekonso zovuta zilipo zambiri. Sindinakupemphepo kanthu chiyambire ntchito yako. Ichi chokha.

Za a Winston ndamva. Nthawi yake sinakwane.

Kodi kompyutayo ikasunga chinthu, chimakhala mpaka liti?

Bambo ako,
Wyson


Chisitu
5 Julayi 2024

Kwa mwana wa mlongo wanga Millie,

Moni wa mafuta, ife kuno tadzuka, kupatula mwendo wangawu umene sumva mankhwala.

Ndikulembera chifukwa foni imadya mayunitsi ndisanathe kukwiya. Bambo ako atithawa. Mlongo wanga Christobel tinamuika mu Febuluwale, uno ndi Julayi. Mwambo ukuudziwa: ife akuchikazi timabwera, tigawe katundu wa malemu, kenako timusudzule mwamunayo, timuuze pamaso pa anthu kuti munatisungira bwino mbale wathu, mlandu tilibe nanu, yendani momasuka. Mawu ake ndi omwewo, si maliro achiwiri ayi. Koma katatu konse ndatuma uthenga, iwo akuti nthawi sinakwane. Ikwana liti? Akudikira kalata yochokera kwa DC?

Loweruka ndinapita ndekha. Anandipatsa mpando panja ngati ndabwera kudzagulitsa makala. Chitseko cha kuchipinda chili ndi loko. Azakhali ako ena akuti mwina m'menemo mwalowa kale mkazi wina. Ine ndinati ayi, mlamu wangayo ngakhale kufunsira mlongo wanga ndinachita kumuyankhulira ndine. Koma waonda, Millie. Lamba waboola bowo lina. Ndikuyankhula naye ankangoyang'ana ku msewu wa ku ofesi ngati munthu amene akudikira apolisi.

Ngati wadwala matenda amene akubisa, utiuze. Iwe amakumvera.

Ndine malume ako,
Winston


Blantyre
10 Julayi 2024

Adadi,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale amalume akuti mwaonda. Ine sindili bwino.

Sindinamvere zimene munandipempha. Ndinaganiza kuti mukuopa kuti ntchito yanu itha, monga mmene onse akuopera. Pamenepo mtima ukhale pansi. Nambala yanu ndaizindikira, ndi 9, chifukwa imayamba tsiku limene munabwerera ku tchuthi chaka chatha. Ilibe banga. Sinabwezepo pempho la odwala ngakhale limodzi.

Koma ndapeza amayi.

Mapempho a galimoto alipo 612 m'miyezi khumi ndi inayi, ndipo anayenda njira 23. Njira ya ambiri ndi iyi: achipatala alemba, kalaliki aona, abwana avomereza, dalaivala atuluka pa geti. Mphindi 40. Pali njira ya mwadzidzidzi imene imadumpha kalaliki ndi abwana. Mphindi 11. Ndiye pali njira ina yopindika, pamene kalaliki amabweza pempho kuchipatala chifukwa bokosi lina pa fomu silinadzazidwe. Yadutsamo mapempho 37. Sindinkafuna kuyang'ana tsiku lija, koma dzanja linapita lokha.

Lolemba pa 19 Febuluwale. Kachipatala ka kumtunda kanalemba pempho nthawi ya 11:41. Nthawi ya 11:56 kalaliki nambala 14 analitsekula, n'kulibweza. Bokosi la dzina la munda linalibe kanthu. Analiyang'ana masekondi asanu ndi anayi, adadi. Asanu ndi anayi. Anamwino, a Lines, anali okha ndi amayi pa bedi, anadzaona kuti labwerera nthawi ya 1:20. Galimoto inatuluka pa geti 2:31. Maola awiri ndi mphindi 50. Inu munandiuza kuti amayi anatsirizika galimoto ikulowa kumene pa boma.

Ndaika njira imeneyi pambali pa njira ya ambiri ndipo ndakhala ndikuziyang'ana masiku awiri. Kusiyana kwake ndi muvi umodzi wobwerera m'mbuyo.

Mu ofesi mwanu muli anthu awiri okha. Ngati inu ndinu 9, ndiye 14 ndikumudziwa. Anabwera pa maliro, ananyamula nawo bokosi, anadya nsima yathu. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake munati ndisayang'ane: mumamubisa mnzanu. Mwakhala naye tebulo limodzi miyezi isanu mukudziwa? Mtima wanu ndi wabwino mopitirira, adadi, wanga si wotero. Mapempho 37 aja, onse ndi a nambala 14. Lipoti likupita kwa abwana anu Lachisanu pa 26 ndipo ndilemba momveka.

Yankhani foni.

Millie


Malayini a ku Ofesi, Mulanje
19 Julayi 2024

Mwana wanga Millie,

Moni. Kalata iyi ndaiyamba kanayi. Uwerenge uli pansi, ndipo ufike kumapeto usanaing'ambe.

Mu ofesi mwathu kompyuta ndi imodzi. Kuti munthu atuluke m'dzina lake, wina alowe m'dzina lake, netiweki ya kuno imatenga mphindi khumi, nthawi zina imakaniratu. Choncho amene wafika msanga m'mawa amalowa, tonse n'kugwirira m'dzina lakelo tsiku lonse, nthawi zina sabata yathunthu osatulukamo. Malamulo amaletsa, koma takhala tikutero kuyambira pamene kompyuta inabwera. A Pilato amakhala pafupi, amafika msanga masiku ambiri. N'chifukwa chake nambala yanga ili yoyera.

Tsiku lija a Pilato anapita ku garaja 11 koloko kukaona thirakitala. Mu ofesi ndinatsala ndekha.

Chaka chatha ndinalandira kalata ya chenjezo chifukwa chodutsitsa mafomu osadzaza bwino. Kuchokera pamenepo maso anga ankathamangira ku mabokosi opanda kanthu. Pempho linabwera. Silinalembedwe kuti ndi la mwadzidzidzi. Pa fomu sipakhala dzina la wodwala, pamakhala nambala yake ya ntchito. Nambala ya amayi ako ndi 4417. Ndimaidziwa ngati dzina langa, ndakhala ndikuiona pa khadi lawo zaka 27. Inali pamwamba penipeni. Sindinaiyang'ane. Ndinaona bokosi lopanda kanthu, ndinadina pobwezera, ndinatseka ofesi chifukwa inali ikukwana 12.

Foni ndinaisiya m'dirowa ikutchaja. Kunyumba ndinapeza kotseka. Ndinakumbukira kuti anati ndisawadikire, ndiye ndinadya. Ndinadya, Millie. Mvula inayamba, ndinadikira kuti ikate. Nditafika ku ofesi cha m'ma 2 koloko ndinapeza a Pilato ataima pakhomo. Anati, "Achimwene, ndi alamu. Ndadutsitsa kale, thamangirani ku geti mukwere nawo." Foni inaonetsa kuti anamwino anandiimbira kasanu ndi kawiri.

A Pilato anaona okha pa kompyuta kuti pempholo linabwezedwa nthawi imene iwo anali ku garaja. Sananenepo kanthu, kwa ine kapena kwa wina aliyense. Pa maliro anandigwira phewa, basi. Si ine amene ndimabisa iwo. Ndi iwo amene akhala akubisa ine.

A Winston ndikuwathawa chifukwa cha mawu a posudzula. Adzaima pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinawasungira bwino mbale wawo. Sindingathe kukhala pa mkeka n'kumva zimenezo.

Ndimaopa ntchito, inde, ndi nyumba ya kampaniyi. Koma chimene chandiondetsa ndi iwe. Ndatsala ndi iwe wekha. Tsiku lililonse ndimati ndikuuza mawa.

Usalembe a Pilato mu lipoti lako. Ulembe ine. Foni ndathimitsa chifukwa sindingapirire kumva mawu ako ukangotha kuwerenga. Ukafuna kundiyankha, ulembe.

Bambo ako, ngati ukundilola,
Wyson


Blantyre
27 Julayi 2024

Adadi,

Moni. Kodi muli moyo? Foni yanu ndi yothimitsa sabata yonse, kalata palibe. Ndinaimbira amayi a nyumba yoyandikana nanu, akuti amakuonani mukupita ku ntchito. Ndiye kuti mwandikwiyira chifukwa cha a Pilato.

Kwiyani, koma lipoti lapita dzulo. Sindinatchule dzina la munthu, ntchito yathu sitchula mayina. Ndinangosonyeza njira yopindika ija, ndi kuti nambala 14 ndi imene imaiyambitsa. Abwana anu ali ndi mndandanda wa manambala, adziwa okha.

Ndinkaganiza kuti likapita mtima utsika. Sunatsike. Ndikufuna kumva mawu anu, ndatsala ndi inu nokha.

Millie


Malayini a ku Ofesi, Mulanje
2 Ogasiti 2024

Millie,

Moni mwana wanga. Kalata yako ya pa 27 inandiuza kuti yanga sinafike. Masiku onsewa ndinkayesa kuti unawerenga ndipo kukhala chete ndilo yankho lako.

Ndinapita ku siteji ku Chitakale. Kondakitala uja anasiya ntchito. Dalaivala anafufuza m'galimoto, kalata inapezeka pansi pa mpando wake, yaponderezedwa ndi jeke. Ndi imene ili m'envelopu muno, ya mafutayo. Sindinasinthe liwu. Uyambe kuwerenga imeneyo, kenako ubwerere pano.

Lolemba a Pilato anaitanidwa kwa abwana, anawauza kuti akakhale kunyumba kudikira kuzengedwa mlandu. Madzulo ndikuweruka ndinawapeza akundidikira pa mlatho. Anati, "Achimwene, mwaona mwana wanu wandiphika?" Anayesa kuseka koma sizinatheke. Ndinati munawauza chiyani abwana. Anati, "Ndiwauze chiyani? Ndikati sindinali ine, afunsa kuti nanga anali ndani m'dzina langa, ndiye tonse tapita. Ine ndakhala chete, achimwene, ndipo ndikhoza kukhalabe chete. Koma ndili ndi ana asanu, ndipo nyumba ija si ya agogo anga." Sanandipemphe kanthu. Anangoti ndipereke moni kwa iwe.

Lachiwiri ndinafika pakhomo pa abwana n'kubwerera. Lachitatu chimodzimodzi. Dzulo ndinalowa. Ndinawauza za kompyuta imodzi, za dzina limodzi, ndi za pa 19 Febuluwale. Anavula magalasi. Anafunsa kuti, "Wodwalayo anali ndani?" Nditawauza anati nanenso ndikadikire kunyumba.

Ndiye ndili pakhonde, ndikudikira mbali ziwiri. Ya abwana sindikuiopa kwambiri.

Kalatayi ndapatsa dalaivala m'manja mwake ndipo ndaima mpaka waiika m'thumba la malaya.

Bambo ako,
Wyson


Blantyre
22 Ogasiti 2024

Adadi,

Ndinalandira zonse ziwiri. Ndili moyo.

Ndinauza abwana anga zoona, kuti pempho limodzi mwa 612 aja ndi la amayi anga. Andichotsa pa ntchito ya esiteti, ndipo akhoza. Koma anandilola kukonza zimene ndinalakwitsa. Nambala 14 inkadina mabatani ngakhale pa sabata imene a Pilato anali pa tchuthi cha Khirisimasi. Zinali pamaso panga. Sindinazione chifukwa ndinali nditapeza kale munthu woti ndimude.

Ndinabwereranso ku njira ya mwadzidzidzi ija, ya mphindi 11. Ndinkadabwa kuti anamwino sanaigwiritse bwanji. Mapempho onse a njira imeneyo amayamba ndi nambala imodzi, ya adokotala a pa esiteti. Kwa anamwino batani limenelo kulibe. Masiku amene adokotala achokapo, pa esiteti yonse palibe amene amadwala mwadzidzidzi, malinga ndi kompyuta. Pa 19 Febuluwale anali ku msonkhano. Pempho la amayi silinayenera kufika pa tebulo lanu n'komwe. Zimenezi zalowa mu lipoti latsopano.

Ndalemba izi chifukwa ndi zoona, osati kuti ndikutonthozeni. Pulogalamu yathu imadziwa mphindi. Sidziwa ngati amayi akanakhala moyo. Ndafunsa madokotala awiri, wina akuti mwina, wina akuti kayanso.

Batani lija ndikhoza kulimvetsa. Chimene sindikutha kumeza ndi chakuti munandilembera za chinanazi ndi za imvi, mukudziwa. Munandisiya ndikutukwana munthu amene ananyamula bokosi la amayi anga ndi chinsinsi chanu pamodzi.

Ndinu bambo anga, zimenezo sizisintha. Koma panopa sindingathe kukuonani. Musandiimbire. Idyani, ndipo muwayankhe amalume.

A Pilato ndawalembera padera.

Millie


Malayini a ku Sikelo, Mulanje
15 Sepitembala 2024

Wokondedwa mwana wanga Millie,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Sindinaimbe, monga unanenera. Kalata iyi sikufuna yankho.

A Pilato abwerera pa ntchito ndi kalata ya chenjezo. Ine andichotsa mu ofesi, ndili ku sikelo, ndikuyeza masamba. Nyumba andisinthira yaing'ono ya chipinda chimodzi, ikundikwana. A Lines, anamwino aja, ndinakumana nawo pa msewu, akuti batani lija tsopano lilipo kwa anamwino onse. Anafuna kundipepesa, ine ndinafuna kuwapepesa, tinangoima.

Posamuka ndinayenera kutsekula chipinda chija. Jombo, dengu ndi epuloni ndi za kampani, ndinakabweza ku sitolo. Zotsalazo ndinalongedza mu sutikesi ndi m'matumba awiri. Sindinafune kuti a Winston abwere kudzatenga. Loweruka lapitali ndinamangirira pa njinga n'kuikankha mpaka ku Chisitu.

Azakhali ako anayala mikeka pansi pa mtengo wa mapeyala. A Winston anaimirira, anakonza kukhosi kuti ayambe mawu aja. Ndinati, "Alamu, musanayambe ndili ndi mawu." Ndinanena zonse, monga ndinakulembera iwe, ndikuyang'ana pansi. Azakhali ako aang'ono analira n'kulowa m'nyumba. A Winston anakhala pansi, anasisita mwendo wawo uja nthawi yaitali. Kenako anati, "Mlamu, mukanandiuza mu Febuluwale ndikanakumenyani. Lero ndatopa." Anafunsa ngati iwe ukudziwa. Ndinati ukudziwa. Anafunsa kuti wati chiyani. Ndinati wati sungathe kundiona. Anati, "Ndiye katundu tigawa lero, koma kusudzula ayi. Mawu amenewo sindingawanene mwini maliro kulibe. Tidikira Millie. Akabwera chaka chamawa, chaka chamawa. Akapanda kubwera, mukhala mlamu wanga mpaka mufe, mudzaona kuwawa kwake."

Zitenje anagawana azakhali ako. Yunifolomu ya chigwirizano inapita kwa amayi a ku tchalitchi. Mapoto ndi mbale anapatsa Sheila, mwana wa azakhali ako aakulu, amene akukwatiwa mu Okutobala. Nsapato za Lamulungu sizinakwane aliyense, mapazi a amayi ako anali aang'ono, ndiye anati zikhale kaye. Ine sindinatengepo kanthu ndipo sindinapemphe.

Gawo lako anasankha ndi azakhali ako aakulu: buku la nyimbo ndi juzi ya bulauni imene ankavala m'nyengo ya chiperoni. Anandipatsa kuti ndikutumizire. Ndinabwera nazo kuno, koma sindizipereka kwa dalaivala. Zili m'sutikesi pamwamba pa kabati, kumene chinyezi sichifika. Juziyo sindinaichape. Fungo lawo likadalimo pang'ono m'khosi mwake. Udzaitenge wekha tsiku limene udzathe, ngakhale utadzafika pa nthawi imene ine ndili ku sikelo. Kiyi ndimasiya kwa a Pilato.

Bambo ako,
Wyson Muhiwa